Tiziphuphu tokhakhala pamikono ya achinyamata kuno ku Joni

Kuzizira kukangoyamba kuno ku Johannesburg, cha mu Meyi, makolo ambiri amadandaula chinthu chimodzi. Mwana wazaka 13 kapena 15 watuluka tiziphuphu ting'onoting'ono kunja kwa mkono, pakati pa phewa ndi chigongono, mwinanso pantchafu ndi m'matako. Mukasisita ndi chikhatho pamakhakhala ngati khungu la nkhuku yososola kumene. Mafinya mulibe, kupweteka ayi, kuyabwa mwa apo ndi apo. Mwagula sopo wamankhwala, mwamuuza kuti azidzikwecha mwamphamvu posamba, agogo ake atumiza mankhwala pa basi kuchokera kumudzi, koma tiziphuphuto tili phee. Mvula ikayamba mu Okutobala timachepa tokha, inu n'kumati mankhwala aja agwira. Chaka chinacho mu Juni tabwereranso.

Madokotala amati keratosis pilaris. Mabuku a zachipatala amaika chiwerengero cha achinyamata amene ali nato pakati pa 50 ndi 80 mwa 100 alionse, ndipo akuluakulu pafupifupi 40 mwa 100. Ndiye kuti m'kalasi mwa mwana wanu theka la anzake ali nato, kungoti kwa ena sitioneka kwambiri. Chimene chimachitika n'chakuti keratin, chinthu cholimba chimene chimapanga tsitsi, zikhadabo ndi khungu lapamwamba, imaunjikana pakabowo kotulukira ubweya n'kukatseka. Nthawi zina kaubweya kamapindikira mkati momwemo. Mulibe tizilombo, si litsiro, ndipo sizipatsirana. Pakhungu loyera timaoneka tofiirira, koma pakhungu lathu timaoneka ngati timadontho takuda kapena totuwa.

Tsimikizani kaye kuti ndi zimenezi

Musanawononge ndalama, yang'anani mwanayo masana pamalo owala, chifukwa pali zina zofanana nazo zimene mankhwala ake ndi ena ndithu.

Ngati kuyabwa kuli koopsa usiku, tiziphuphu tili pakati pa zala, m'mikono molumikizira dzanja ndi m'chiuno, ndipo ena ogona naye chipinda chimodzi nawonso ayamba kukanda, ganizani za mphere. Imeneyo imapatsirana ndipo nyumba yonse imafunika mankhwala tsiku limodzi. Ngati pali chizindikiro chozungulira chokhala ndi m'mphepete motukuka, mwina ndi chipere. Ngati tiziphuphu tili ndi mitu yamafinya ndipo tikupweteka, timabowo ta ubweya talowa tizilombo. Zotuluka nthawi yotentha pamsana ndi m'khosi, mwana akachita thukuta, ndi nsungu za kutentha. Palinso eczema, matenda a khungu louma ndi loyabwa, imene mwa ana akuda imakonda kutuluka ngati tiziphuphu tothithikana m'malo mwa zigamba zofiira, koma iyo imayabwa kwambiri.

Keratosis pilaris imadziwika ndi zitatu: imatuluka mbali zonse ziwiri za thupi mofanana, imakhakhala kuposa mmene imayabwira, ndipo imakula nthawi yachisanu.

N'chifukwa chiyani mwana wanu, osati wa aneba

Yambani ndi kusisita mikono yanu, kenako ya bambo ake kapena mayi ake. Kawirikawiri yankho limapezeka pomwepo, chifukwa zimenezi n'zakumtundu. Kholo limodzi likakhala nazo, mwayi woti mwana atengere ndi waukulu. Makolo ambiri amakana poyamba, koma akakumbukira bwino amavomera kuti ali kusekondale mikono yawo inalinso choncho.

Chachiwiri ndi khungu louma mwachibadwa. Mwana amene anavutika ndi eczema ali wakhanda, amene ali ndi mphumu, kapena amene amayetsemula ndi kutuluka mamina mitengo ikamachita maluwa mu Seputembala, ndi amene amakhala nato kwambiri. Chimodzimodzi uja amene miyendo yake imachita mamba nthawi yozizira, vuto limene limatchedwa ichthyosis vulgaris. Mu 2006 gulu la Irwin McLean ku Dundee, ku Scotland, linasonyeza kuti kuwonongeka kwa jini (kachidutswa ka chibadwa chotengera kwa makolo) yopanga filaggrin, imene imathandiza khungu kusunga madzi, ndi kumene kumayambitsa mamba amenewa komanso kumawonjezera ngozi ya eczema. Koma kuwonongeka kumene anapezako kumapezeka kwambiri mwa azungu. Kafukufuku wa ku Cape Town wa 2014 pakati pa Axhosa odwala eczema sanakupeze. Ndikutchula izi kuti wina asakunyengerereni kulipira ndalama zambiri zoyezetsa majini. Mbiri ya banja lanu ikuuzani zokwanira.

Chachitatu ndi kutha msinkhu. Ana ambiri amayamba nato asanakwane zaka 10, koma thupi likayamba kusintha timachuluka n'kuonekera, nthawi yomweyonso imene mwana wayamba kudziyang'ana pagalasi. Kwa ambiri timachepa pofika zaka za m'ma 30, ngakhale ena amakhala nato moyo wonse.

Kunenepa kwambiri nakonso kumayendera limodzi ndi vutoli, ndipo limapezeka kawirikawiri mwa ana odwala shuga wa mtundu woyamba ndi ana obadwa ndi Down syndrome. Musathamange magazi. Tiziphuphu patokha si chizindikiro cha shuga. Koma ngati mwana akumwa madzi mosalekeza, akukodza pafupipafupi usiku ndipo akuwonda, kapena m'khosi mwake mwada ndi kukhuthala, pitani naye akamuyeze.

Tsono pali Joni weniweniyu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita 1,000 ndi pang'ono, Mangochi ndi Nkhotakota pafupifupi 500. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mvula kuno kulibe, ndipo masana chinyezi cha mumpweya chimatha kutsika pansi pa 30 peresenti. Kwathu kumazizira ndithu, koma wa ku Thyolo kapena ku Blantyre akudziwa kuti chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mawawa. Chisanu cha kuno n'chouma gwa. Chimang'amba milomo, chimatulutsa kamfuno, ndipo chimayamwa madzi pakhungu. Onjezerani hita yoyaka usiku wonse m'kachipinda kotseka ndi madzi osamba otentha kwambiri, mupeza chifukwa chake mwana amene anabwera kuchokera ku Mangochi ali wosalala wakhakhala chaka choyamba chomwe. Sanalodzedwe, ndipo si madzi a pampopi. Khungu lake linali nacho kale chibadwa chimenechi, mpweya wa kuno wangochiulula.

Chimene chimawonjezera vuto m'nyumba zambiri

Ife tinaleredwa kuti khungu lokhakhala limafuna chinkhupule, saka ya malalanje kapena mwala wokwechera mapazi, pamodzi ndi sopo wochapira zovala. Pa vuto ili njira imeneyo imabweza zinthu m'mbuyo. Sopo wochapira amachotsa mafuta achilengedwe pakhungu louma kale. Kukwecha kumadula mitu ya tiziphuphu, mwana n'kumva kusalala tsiku limodzi, koma khungu lakwiya, ndipo khungu lakuda likakwiya limasiya dontho lakuda. Madontho amenewa ndi amene amachedwa kutha, miyezi ingapo, nthawi zina kupitirira chaka. Kufinya ndi zikhadabo kumachita chimodzimodzi, ndipo achinyamata ambiri amafinya osadziwa n'komwe ali pafoni kapena akuwerenga. Mankhwala opha tizilombo othira m'madzi osamba alibe ntchito pano chifukwa palibe tizilombo toti aphe. Amangoumitsa khungu.

Zoyenera kuchita

Kusamba kukhale kwa mphindi 5 mpaka 10, madzi ofunda, osati otentha moti nthunzi kuti tolo. Amene mumawiritsa madzi m'ketulo n'kuthira m'chidebe, onjezerani ozizira mpaka chigongono chizitha kukhalamo bwinobwino. Sopo akhale wofewa, wopanda fungo lamphamvu, ndipo apite m'khwapa, kumaso, kumapazi ndi malo obisika. Mikono ndi ntchafu sizifuna sopo wambiri tsiku lililonse. Kansalu kofewa kosisitira pang'onopang'ono kawiri pa sabata n'kokwanira.

Akatuluka asadzipukute mpaka kuuma. Angogunditsa thaulo, ndipo adzole khungu likadali lonyowa pang'ono. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa mwana amathamangira kuvala yunifolomu chifukwa cha kuzizira, n'kudzola kumaso ndi m'miyendo mokha, malo oonekera.

Mafuta ake ndi amene ali ndi chosungunula keratin ija. Mukalowa ku Clicks, ku Dis-Chem kapena famase ina iliyonse, musayang'ane dzina lakutsogolo, tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Mukufuna chimodzi mwa izi: urea ya 10 peresenti, lactic acid ya pakati pa 5 ndi 12 peresenti, kapena salicylic acid ya 2 peresenti. Ine ndimati yambani ndi urea, chifukwa imachita ziwiri nthawi imodzi, kufewetsa chotseka chija ndi kusunga madzi pakhungu, ndipo siluma kwambiri. Adzole m'mawa ndi madzulo. Funsani wa mu famase akusonyezeni botolo lotchipa lokhala ndi mlingo womwewo. Kufunsa n'kwaulere, ndipo mtengo wokwera suwonjezera mphamvu ya urea.

Vaseline ndi glycerine, zimene zili m'nyumba iliyonse ya Mmalawi, zimathandiza kumbali ya kuuma koma sizisungunula keratin. Ngati mwezi uno ndalama yavuta, pakani glycerine pang'ono pakhungu lonyowa, kenako Vaseline pamwamba. Mikono ifewa ndithu ngakhale tiziphuphu sititheratu. Ngati muli nazo zonse, urea ipite pansi, Vaseline pamwamba, usiku pogona.

Pali aqueous cream, imene kuno anthu amaigula m'zidebe zazikulu. Mu 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain, MHRA, linachenjeza kuti aqueous cream yokhala ndi sodium lauryl sulphate imatha kuwotcha ndi kuyabwitsa khungu ikasiyidwa pathupi, makamaka mwa ana a eczema. Werengani pachidebe. Ngati ilimo, mwana aziigwiritsa ntchito m'malo mwa sopo n'kuitsukuluza, osati kudzola.

Zovala nazo zili ndi mbali yake. Juzi yaubweya wokanda isakhudze khungu, pansi pakhale malaya a thonje. Jinzi yothina kwambiri imapekesa ntchafu tsiku lonse. Hita izimitsidwe pogona, kapena muyanike thaulo lonyowa m'chipindamo kuti mpweya usaume kwambiri. Za mbaula m'chipinda chotseka ndiye musayerekeze, pamenepo nkhani si ya khungunso, utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo.

Tadzola milungu iwiri, palibe chasintha

Milungu iwiri ndi yochepa. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthe lapamwamba, choncho dikirani milungu 4 mpaka 6 musanaweruze. Jambulani mkonowo ndi foni tsiku loyamba, pafupi ndi zenera, mudzajambulenso pamalo omwewo pakatha mwezi. Maso oona mwana tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha. Kukhakhala ndi kumene kumayamba kuchepa, mtundu umatsalira.

Ikakwana milungu 6 osasintha, funsani kaye mwachikondi ngati akudzoladi kawiri pa tsiku. Kulemera kwa botolo kukuuzani zoona. Ngati akudzola, kwerani pa urea ya 20 peresenti, kapena sinthani mupite ku lactic acid kapena salicylic acid. Musaphatikize zonse tsiku limodzi. Salicylic acid isapakidwe thupi lonse nthawi imodzi, makamaka kwa mwana wamng'ono, chifukwa ina imalowa m'magazi kudzera pakhungu. Lactic acid imapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo dzuwa la pamtunda pano ndi laukali ngakhale mu Julayi, choncho ndi bwino kuidzola madzulo.

Akuti mafutawo akumuluma

Kulumaluma kwa mphindi imodzi kapena ziwiri masiku oyamba si kwachilendo. Kukapitirira, kapena khungu likatupa ndi kusupuka, siyani masiku angapo, adzole Vaseline yekha, kenako muyambirenso kamodzi pa masiku awiri. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti pali pamene anakanda, kapena wameta kumene ubweya wa m'miyendo. Urea ndi asidi siziyenera kupita pakhungu long'ambika kapena lometedwa tsiku lomwelo. Ngati pansi pake pali eczema, iyambe yachizidwa imeneyo.

Kwa amene tatuluka m'masaya, khalani ofatsa kwambiri. Kumaso kumafuna mlingo wochepa, urea ya 5 peresenti, ndipo zokwechera kumaso zokhala ndi timchenga zisiyeni.

Tiziphuphu tachepa koma pasala madontho akuda

Apa ndi pamene ana athu ambiri, makamaka atsikana, amagwera m'dzenje. Mnzake wa kusukulu kapena wa ku saluni amamuuza za kachubu kotchipa kogulitsidwa pamsewu kapena m'mashopu ang'onoang'ono a m'tauni, koti kamachotsa madontho pa sabata imodzi. Timachubu tambiri totere timakhala ndi steroid (mankhwala oletsa kutupa ndi kuyabwa) yamphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, kapena mankhwala oyeretsa khungu otchedwa hydroquinone, ndipo mafuta ena oyeretsa khungu amapezeka ndi mercury, imene ndi poizoni. Masiku oyamba zimaoneka ngati zatheka. Khungu limayera, limasalala. Kenako limapyapyala, mitsempha imaonekera, pamatuluka mizere yosafufutika m'mikono ndi m'ntchafu, ziphuphu zenizeni zimabuka, ndipo akangosiya kudzola khungu limapsa ndi kuyabwa moti amabwereranso ku chubu chomwecho.

Dziko lino linaphunzira zimenezi kalekale. Mu 1975 dokotala wa khungu George Findlay ndi anzake ku Pretoria analemba za odwala amene nkhope zawo zinada mosabwerera chifukwa chodzola hydroquinone nthawi yaitali, vuto lotchedwa ochronosis. Mu 1990 South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Pulofesa Ncoza Dlova wa ku University of KwaZulu-Natal wakhala akuchenjeza anthu za mafuta amenewa kwa zaka zambiri. Komabe machubuwo akadali pamsika, ndipo ena amakwera basi kupita kumudzi ngati mphatso.

Madontho osiyidwa ndi kukanda amazimirira okha ngati zinthu ziwiri zachitika: kukanda ndi kufinya kwasiyidwa, ndipo malowo atetezedwa ku dzuwa ndi malaya a manja aatali kapena mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30. Lactic acid imathandizirako pang'onopang'ono. Ngati mwapeza kachubu m'chikwama cha mwana ndipo wakhala akudzola miyezi, musangomulanda n'kumukalipira. Tengani chubucho mupite nacho kwa dokotala kapena wa mu famase, chifukwa steroid yodzola nthawi yaitali nthawi zina imafuna kusiyidwa pang'onopang'ono.

Zinatha, koma zabweranso

Zibwera ndithu. Palibe mankhwala amene amachotsa chibadwa chimenechi, onse amangochigoneka. Akasiya kudzola, pakatha milungu ingapo timabowo timatsekekanso. Khungu likasalala, musasiye, ingochepetsani: urea katatu pa sabata, mafuta wamba masiku enawo. Ndipo musadikire Juni. Yambani kawiri pa tsiku mu Epulo, mvula ikangosiya, kuti chisanu chipeze khungu lili lofewa kale.

Za zakudya, pa TikTok mudzamva kuti mwana asiye mkaka, buledi kapena mazira. Palibe umboni wokwanira woti zakudya zimenezi zimayambitsa keratosis pilaris, ndipo kumana mwana amene akukula zakudya zomanga thupi n'kumulakwira. Enanso amathamangira mapiritsi a vitamini A, chifukwa kusowa kwa vitaminiyu kumatulutsa totupa tofanana nato. Koma toteroto timakhala tatikulupo, timakonda m'zigongono ndi m'mawondo, ndipo timapezeka mwa munthu wosowa zakudya kwenikweni, nthawi zambiri wovutikanso kuona kukamada. Kuno ufa wa chimanga ndi ufa wa buledi wakhala ukuthiridwa vitamini A mwalamulo kuyambira 2003. Vitamini A wochuluka amawononga chiwindi, ndipo kwa mtsikana amene angakhale ndi pakati amavulaza mwana m'mimba.

Chinthu china chimene makolo timachiona mochedwa ndi manyazi. Mukaona mwana wavala juzi mu Disembala dzuwa likuswa mtengo, akukana masewera a kusukulu, kapena akukana diresi lopanda manja la matric dance, mwina akubisa mikono. Mawu oti "sukusamba bwino iwe" amamupweteka kuposa tiziphuphuto, ndipo ndi amene amamutumiza kukakwecha mpaka magazi. Muuzeni kuti watengera kwa inu kapena kwa azakhali ake, ndipo azichimwene ndi azichemwali ake asiye kumuseka kapena kukana kukhala naye pafupi.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani ngati patuluka mafinya, kutupa kapena kutentha thupi; ngati kuyabwa kukumulepheretsa kugona; ngati zafalikira thupi lonse mwadzidzidzi kapena zayamba atangoyamba kumwa mankhwala ena; ngati nsidze zikuthothoka kapena pakutsala timaenje m'masaya, chifukwa pali mtundu wina wosowa umene umasiya zipsera; komanso ngati mwachita zonsezi miyezi itatu popanda kusintha. Totupa toyabwa kwambiri tosamva mankhwala m'mikono ndi m'miyendo timayenderanso nthawi zina ndi HIV, choncho namwino akapempha kuyeza magazi musakhumudwe.

Dokotala angathe kulemba mafuta a mtundu wa retinoid, monga tretinoin kapena adapalene. Amagwira, koma amaumitsa khungu poyamba, ndipo sayenera kudzoledwa ndi amene ali ndi pakati kapena akuganizira kuti ali napo. Za laser, makina ochizira khungu ndi kuwala kwamphamvu, muzisamala nazo. Ndi zodula, sizichotsa vutoli mpaka kalekale, ndipo pakhungu lakuda makina osayenera amawotcha n'kusiya mabala oipa kuposa oyamba aja. Ngati mwaganiza zotero, akhale dokotala wa khungu wodziwa khungu lakuda, osati pa saluni.

Mu zipatala za boma njira yake imayambira ku kiliniki ya m'dera lanu. Kumeneko, akaona kuti n'koyenera, amalemba kalata yokutumizani kwa madokotala a khungu ku zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph, kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Popita tengani zonse zimene mwana wakhala akudzola, kuphatikizapo za kumudzi ndi za pamsewu, zithunzi za pafoni zija, ndipo tsiku limenelo asadzole kanthu pamalopo kuti dokotala aone khungu mmene lilili.